Nyuzipepala imene inalibe malo a dzina la agogo

Titaika maliro a agogo aakazi ku Ndirande, anthu atabalalika ndipo matenti atachotsedwa, panatsala ntchito ija imene aliyense pabanja amaizemba: kutsegula katundu wa malemu. Amayi ndi amayi aakulu anatenga zikwama za zovala. Ine anandilozera bokosi lachitsulo limene linkakhala kunsi kwa bedi kuyambira ndili mwana. Munali yunifomu ya Mvano yopindidwa bwinobwino, buku la nyimbo lopanda chikuto, makhadi awiri a chipani a nthawi ya Kamuzu ndi malisiti akale a msonkho. Pansi penipeni anayalapo tsamba la nyuzipepala ya Chingerezi, lofiirira ngati fodya wouma. Njenjete zinali zitadya m'mphepete monse mpaka dzina la pepalalo, koma pakona pena mwezi ndi chaka zinkaonekabe: Malichi 1959.

Ndinali nditalinyamula kale kuti ndikaliponye pamoto wa zinyalala pamene amalume, amene anakhala pakhonde osalankhula tsiku lonse, anakweza ndodo yawo.

"Iwe, bweretsa kuno limenelo. Ukudziwa kuti pepala limenelo bambo anabwera nalo atalibisa m'malaya?"

"Ili, malume? Muli nkhani yanji?"

"Mulibe kanthu," anatero. "N'chifukwa chake analisunga."

Agogo aamuna anamwalira ndili Sitandade 5. Chimene ndinkadziwa za iwo n'chakuti anali khukhi wa azungu komanso kuti sikono zawo zinalibe mnzake. Zina zonse ndinazimva madzulo amenewo.

Ankagwira ntchito panyumba ina ku Sunnyside. Ankadzuka tambala woyamba n'kutsetsereka wapansi kuchoka ku Ndirande, kudutsa m'tauni muli zii, kuti madzi a tiyi awire bwana asanadzuke. Dona wa panyumbapo anati dzina lawo n'lovuta kutchula, ndiye anawapatsa lina la Chingerezi, dzina la m'khitchini. Bwana analibe nazo ntchito zonsezo. Ankangoitana kuti "boy", kuitana bambo wa ana atatu.

Nyuzipepala ikafika, bwana ankaiwerenga pakhonde, dona n'kuona masamba ake, ndipo pakapita masiku awiri inkatsikira kukhitchini kuti izikolezera moto ndi kuyala m'mashelefu. Kumeneko inkapeza wowerenga wachitatu amene eni ake sankamuwerengera. Agogo analekezera Sitandade 3 kusukulu ya mishoni, koma Sitandade 3 ya kale sinali yamasewera. Ankawerenga ali chiimire, khutu lili kuchitseko, tsamba lililonse asanaliponye m'chitofu. Lamlungu anthu akaweruka kutchalitchi, azibambo ankasonkhana pansi pa mtengo wa mango kudzamva kuti azungu akuti chiyani sabata imeneyo.

Mbandakucha wa pa 3 Malichi

Pa 3 Malichi 1959, tsiku limene lero timapuma pokumbukira anthu amene anafera ufulu, bwanamkubwa Sir Robert Armitage anakhazikitsa lamulo la nthawi ya chipwirikiti, limene akuluakulu mpaka pano amangoti "imejensi". Apolisi ndi asilikali anayamba kugogoda m'makomo kusanache. Dr. Hastings Kamuzu Banda anakamutenga kunyumba kwake ku Limbe ali ndi zovala zogonera, n'kumukweza ndege ku Chileka kupita kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi ku Gweru. Chipani cha Nyasaland African Congress chinaletsedwa. Anthu oposa 1,300 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ambiri mwa iwo pamsasa wa Kanjedza, pomwe pano minibasi za ku Limbe zimangodutsa zikuimba nyimbo.

Mng'ono wawo wa agogo anali telala wa pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo anali wa Congress. Usiku wina m'sabata imeneyo anabwera kudzamutenga. Mkazi wake anafika ku Ndirande m'mamawa, mwana kumsana, osadziwa ngati mwamuna wake ali moyo.

"Ndiye bambo anayamba kumufunafuna m'nyuzi," anatero amalume, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka 11. "Pepala lililonse lofika kukhitchini ankaliwerenga ndi chala, mzere ndi mzere. Ankaganiza kuti munthu sangangosowa, dzina lake osalembedwa penapake."

Ndinalitambasula tsambalo pamphasa, tochi ya foni ili m'manja. Munali zotsatsa malonda a magalimoto ndi za sitima zopita ku England. Munali zotsatira za masewera a ku kalabu. Mzungu aliyense wotchulidwamo anali ndi "Mr." kapena "Mrs." kutsogolo, zilembo zoyamba za maina ake onse, nthawi zina ndi udindo wake womwe. Anthu akuda analimo, inde, koma analimo ngati manambala ndi magulu: omangidwa akuti ndi angapo, gulu linabalalitsidwa pamalo akutiakuti. Telala wa ku Limbe anali penapake m'kati mwa nambala.

Anabwerako patatha miyezi yambiri, ataonda, makina ake osokera atagulitsidwa kale kuti ana adye. Agogo anasunga tsamba limodzi ili. Amalume akuti ankanena kuti, "Tsiku lina ana adzaone mmene ankatilembera."

Mwini makina ndi mwini nkhani

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga mbiri ya nyuzipepala za atsamunda, ndipo chimene chandidabwitsa n'chakuti sizinkabisa kuti zinali za ndani. Yoyamba ya azungu a m'maesiteti inayamba mu 1895 kufupi ndi Zomba, ndipo mmodzi mwa oiyambitsa anali R.S. Hynde, amene anabwera kuno ndi mishoni ya Blantyre kenako n'kukhala mlimi wa esiteti. Dzina lake linali Central African Planter. Dzinalo lokha likukuuzani wowerenga amene ankamuganizira: mzungu wa munda waukulu. Itasamukira ku Blantyre inakhala Central African Times, ndipo dziko litatchedwa Nyasaland mu 1907, nayo inasintha n'kukhala Nyasaland Times.

Nkhawa za pepalali zinali nkhawa za eni maesiteti: mitengo ya khofi, fodya, thonje ndi tiyi, njanji, ndi funso limene silinkatha, loti apeze bwanji anthu olima. Msonkho wa nyumba ndi thangata, zimene kumudzi zinali misozi, m'pepalamo zinali nkhani za chuma. Munthu wakuda ankatchedwa "native", ndipo ankaoneka kwambiri ngati wantchito, wokhoma msonkho kapena woimbidwa mlandu kukhoti. Kumbukirani kuti mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 azungu m'dziko muno sankafika ngakhale 10,000, pomwe anthu akuda anali pafupifupi 3 miliyoni. Koma pepala likalemba za maganizo a anthu a ku Nyasaland, linkanena za kagulu kakang'ono kaja.

Tauni yeniyeniyo inamangidwa ngati tsamba la nyuzipepalayo. Sunnyside, Mandala ndi Namiwawa kunali kwa azungu. Amwenye anali ndi madera awo kufupi ndi masitolo. Anthu akuda ankagona kunja kwa zonsezi, ku Ndirande ndi m'midzi yozungulira, kenako ku Soche. M'masitolo ena akuluakulu munthu wakuda ankagulira pazenera. Ku kalabu ankalowera khomo la kumbuyo, atanyamula thireyi. Kale kwambiri, kukumana ndi mzungu pamsewu chipewa chili kumutu unali mlandu. Nyuzipepala sinayambitse zimenezi, koma inkazichititsa kuoneka ngati ndi mmene dziko linalengedwera. Ukawerenga zomwezomwezo kawiri pa sabata kwa zaka makumi angapo, umasiya kuziona.

Panali munthu mmodzi amene anayesa kulowa pakhomo la kutsogolo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba, asilikali akuda atafa pankhondo ya ku Karonga mu Seputembala 1914, mbusa John Chilembwe wa ku Providence Industrial Mission ku Chiradzulu analemba kalata ku Nyasaland Times. M'kalatamo anafunsa chifukwa chimene anthu osauka, opanda chawo m'dziko lawo lomwe, ayenera kufera nkhondo imene si yawo n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye, pomwe eni chuma ali phee. Anafunsanso ngati nkhondo ikatha anthu akuda adzawerengedwe ngati anthu. Kalatayo inali ya m'pepala la mu Novembala 1914, koma boma, pogwiritsa ntchito malamulo a nthawi ya nkhondo, linaichotsa kuti isafalikire. Patangotha miyezi iwiri, pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe anaukira, ndipo ena mwa iwo anabwera mpaka ku Mandala muno m'tauni kudzafuna mfuti. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anaphedwa.

Sindikunena kuti kalatayo ikanafalitsidwa magazi sakanakhetsedwa. Ndikungoti nthawi iliyonse ndikagwira K2,000 ndimakumbukira kuti munthu ali pamenepoyu anayamba walemba kaye kalata.

Pofika zaka za m'ma 1950, atsamunda anali atazindikira kuti anthu akuda akuwerenga. Boma linali ndi pepala lake la m'zinenero zathu lotchedwa Msimbi. Kampani ina ya azungu ya ku Salisbury inkasindikiza Bwalo la Nyasaland. Chinenero chinali chathu, makina ndi ndalama zinali za ena. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa mu 1953, ngakhale mafumu ndi anthu wamba anachikana poyera, Nyasaland Times inaima kumbali ya chitaganyacho. Otsutsa ankaoneka ngati kagulu ka anthu ophunzira pang'ono amene akusokoneza anthu akumudzi okonda mtendere.

Ndiye kunabwera 1959. Boma linati a Congress, pamsonkhano wa kutchire umene anachita mu Januwale kufupi ndi Blantyre, anapangana zopha azungu, amwenye ndi mafumu ogwirizana ndi boma. Nduna za ku London zinanena zimenezi m'nyumba ya malamulo, ndipo nyuzipepala za azungu kuno ndi ku Salisbury zinazifalitsa. Azungu ambiri ankagona mfuti ili pafupi, akuyang'ana khukhi wawo ndi diso lina. Amalume akuti sabata imeneyo dona anatola mipeni yonse ikuluikulu ya m'khitchini n'kukaikhomera kuchipinda. Agogo ankachita kukapempha mpeni wodulira nyama, n'kukaubweza akamaliza.

Gulu lofufuza limene boma la Britain linatumiza, lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin, linatulutsa lipoti lake mu Julayi chaka chomwecho. Silinayeretse Congress kotheratu: linati atsogoleri ena anali atavomereza zachiwawa. Koma linati silinapeze chiwembu chokonzedwa chopha azungu ngati mmene zinkanenedwera, ndipo linati Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Pa imejensi yonseyo anthu akuda 51 anaphedwa, ambiri pamalo amodzi anali a ku Nkhata Bay. Mzungu sanafe ndi mmodzi yemwe.

Kutsidya kwa nyanja zinali chimodzimodzi

Zaka zomwezo, kum'mwera kwa dziko la America, kumene Chilembwe anakaphunzira mumzinda wa Lynchburg ku Virginia, anthu akuda ankamenyera ufulu wovota, wokwera basi ndi wophunzira sukulu imodzi ndi azungu. Kumenekonso nyuzipepala zambiri za azungu zinaima kumbali ya tsankho. Ku Jackson, m'chigawo cha Mississippi, Clarion-Ledger ndi Jackson Daily News, za banja limodzi la Hederman, zinkateteza tsankho poyera ndipo omenyera ufulu zinkawaonetsa ngati osokoneza ochokera kunja. Ku Virginia, mkonzi wa Richmond News Leader, James J. Kilpatrick, analemba nkhani zambiri zolimbikitsa zigawo kukana chigamulo cha khoti lalikulu cha 1954 chothetsa tsankho m'masukulu.

Chimene chinandigwira mtima n'chaching'ono. Mapepala ambiri a kumeneko sankalemba "Mr." kapena "Mrs." kutsogolo kwa dzina la munthu wakuda. Mayi wa zaka 60, mphunzitsi kapena mkazi wa abusa, ankangomutchula dzina loyamba ngati mwana. Ena ankangosiya osalemba n'komwe za zionetsero zimene zinkachitika pamsewu wa kutsogolo kwa ofesi yawo. Ndinatsegulanso chithunzi cha tsamba la agogo pafoni n'kuona kuti ndi matenda omwewo, mtunda wautali chonchi.

Mankhwala ake analinso ofanana: kukhala ndi pepala lako. Ku America kunali Chicago Defender, komanso magazini ya Jet imene mu 1955 inasindikiza zithunzi za mtembo wa Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 amene anaphedwa ku Mississippi, mayi ake atakana kuti bokosi litsekedwe. Kuno kwathu, chipani cha Malawi Congress Party chitakhazikitsidwa mu Seputembala 1959 atsogoleri ambiri akadali m'ndende, mnyamata wa zaka 20 dzina lake Aleke Banda, amene anathamangitsidwa ku Southern Rhodesia chaka chomwecho, ankatulutsa kapepala kotchedwa Ntendere pa Nchito pamakina opukusa ndi manja. Kameneka ndi kamene kanabala Malawi News kumapeto kwa chakacho. Amalume akukumbukira pepala limodzi likuyenda nyumba khumi, lofewa ngati nsalu chifukwa cha manja. Akuti agogo ataliwerenga koyamba anangoti, "Awa akulemba anthu."

Mapepala ena a ku America anadzavomereza kulakwa kwawo, ngakhale mochedwa. Lexington Herald-Leader ya ku Kentucky inavomera mu 2004 kuti inanyalanyaza dala nkhani za omenyera ufulu. Montgomery Advertiser ya ku Alabama inapepesa mu 2018 chifukwa cha mmene inkalembera nkhani za anthu akuda ophedwa ndi magulu a azungu. Ndipo Clarion-Ledger yomwe ija, itasintha eni ndi atolankhani, ndi imene mtolankhani wake Jerry Mitchell anafukula nkhani zimene zinathandiza kuti wopha Medgar Evers mu 1963 apezeke wolakwa mu 1994. Pepala limatha kusintha. Nalonso la Hynde lija linasintha manja, linasiya kukhala la azungu, ndipo lero ndi Daily Times ya ku Ginnery Corner, yolembedwa ndi Amalawi amene agogo awo mwina ankagulira pazenera.

Azungu anapita, chizolowezi chinatsala

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pa 6 Julayi 1964, mbendera yatsopano ikukwera. Koma tengani K200 muyang'ane mayi ali pamenepo. Rose Chibambo anamangidwa mu 1959 atangobereka kumene, n'kukhala m'ndende ndi khanda. Kwa atsamunda anali wosokoneza. Patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, pa mkangano wa nduna wa mu Seputembala 1964, anachotsedwa paudindo pamodzi ndi Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi, ndipo Masauko Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo awo. Kuyambira pamenepo dzina lawo linali limodzi: zigawenga. Amene ankafalitsa dzinalo sanali azungu. Inali wailesi yathu ndi pepala lomwe lija linkayenda nyumba khumi ku Ndirande.

Mu 1968 kunabwera lamulo lokhazikitsa bungwe loona zoyenera kuwerengedwa ndi kuoneredwa. Pofika zaka za m'ma 1970, mapepala onse awiri akuluakulu anali m'manja mwa mtsogoleri mmodzi. Mu Meyi 1983, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga atafa ku Mwanza, dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto, ndipo panalibe tsamba limene likanafunsa funso. Gulu lofufuza la mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa. Ngakhale Aleke Banda, mkonzi woyamba wa Malawi News, anakhala m'ndende zaka 12 popanda mlandu, kuyambira 1980 mpaka 1992. Atatuluka anayambitsa The Nation mu 1993.

Amalume akuti agogo anapitiriza kuwerenga zaka zonsezo, koma zokamba pansi pa mango anasiya. Makutu anali atachuluka. Makhadi awiri a chipani ndinawapeza m'bokosi aja anagona pamwamba pa tsamba la 1959 kwa zaka makumi ambiri, ndipo ndikuganiza kuti agogo aakazi ankadziwa chimene ankachita powaika malo amodzi.

Mkonzi wa lero ndine

Apa ndi pamene nkhaniyi imandifika pakhosi.

Ndimagwira ntchito m'tauni ndipo ndimachita lendi ku Namiwawa, kuseri kwa nyumba yaikulu, mu kanyumba kamene tonse timangokatchula kuti boyizi kota. Zaka zitatu ndakhala ndikunena mawu amenewa kwa anzanga ndi kwa a kabaza osamva chimene ndikunena. Ndimalipira ndalama zambiri mwezi ndi mwezi kuti ndigone m'chipinda chimene anamangira "boy".

Dera lathu lili ndi gulu la pa WhatsApp la zachitetezo. Patangotha milungu itatu chiikireni maliro, Loweruka m'mawa, wina anaponyamo chithunzi chojambulidwa kudzera pampata wa geti: mnyamata wovala jini yong'ambika, chikwama kumsana, akuyang'ana manambala a nyumba. Pansi pake analemba kuti tisamale, anyamata a ku Ndirande ayambanso kuzungulira. Mauthenga anagwa ngati mvula. Wina anati anamuonapo dzulo. Wina anati nkhope yake ndi ya wakuba basi. Ine ndinali pabedi, ndipo chala changa chinachita zimene chimachita nthawi zonse: ndinatumiza chithunzicho kwa anzanga awiri a mumsewu wotsatira, n'kuwonjezera kuti akhome mageti.

Masana zinadziwika kuti anali pulambala. Anaitanidwa ndi mayi wina wa mumsewu mwathu momwemo kuti adzakonze paipi, ndipo ankafunafuna nyumba. Alonda anamuimitsa pamphambano, anamukhazika pansi, anakhuthula chikwama chake pamsewu: masipanala, tepi, guluu wa mapaipi ndi botolo la thobwa. Mmene mayi uja ankabwera kudzamuombola n'kuti atakhala padzuwa ola lathunthu anthu akumujambula. Ntchitoyo sanaigwire. Anatola zida zake n'kumapita.

M'gulu muja wina anangolemba kuti zadziwika, si wakuba, koma kusamala n'kwabwino. Nkhani inathera pomwepo. Wojambula chithunzi tonse tinkamudziwa dzina ndi nambala ya nyumba. Mayi woitana uja tinkamudziwa. Mnyamatayo anayamba ngati "anyamata a ku Ndirande" n'kumaliza ngati "pulambala uja". Ndipo ine, mdzukulu wa khukhi wa ku Ndirande, chithunzi cha tsamba la 1959 chili m'foni yomweyo, ndinali mmodzi mwa omufalitsa.

Ndinapempha nambala yake kwa mayi uja. Ndinaimba Lolemba, mtima ukugunda ngati ndikukalemba mayeso. Ndinamuuza dzina langa, ndinamufunsa lake, ndinamuuza kuti ndinali mmodzi mwa otumiza chithunzi chija ndipo ndapepesa. Anakhala chete pang'ono.

"Zinachitika basi, asisi," anatero. "Kungoti chithunzicho chinafika mpaka kwa akazi anga. Mwana wanga anachiona."

Ndinalibe choyankha. Ndinalemba m'gulu muja dzina lake lonse, ntchito yake, ndi kuti tinamulakwira. Anthu awiri anaikapo chala chovomereza. Ena onse zii. Sindikunena izi kuti mundiyamike, chifukwa chithunzicho chikadali m'mafoni a anthu amene uthenga wanga wachiwiri sunawafike. Kukonza nkhani nthawi zonse kumayenda wapansi pomwe bodza linakwera galimoto.

Kale ndinkaganiza kuti nyuzipepala ya tsankho ndi imene imatukwana. Tsamba la agogo mulibe chitukwano ngakhale chimodzi. Manambala ake mwina ndi oona. Ntchito yake yaikulu inali kusankha: uyu ndi munthu, ali ndi dzina, mantha ake ndi nkhani, awa ndi gulu, tiziwawerenga ngati matumba. Kuti uchite zimenezi sufunika kukhala mzungu, sufunikanso makina a ku Ginnery Corner. Bandulo ya K500 ikukwana. Timachita tikamalemba "Maburundi" pamene tikunena bambo wa golosale amene ali ndi dzina ndi ana. Timachita nthawi ya chisankho, mtundu wonse wa anthu kapena chigawo chonse chikasanduka liwu limodzi lonyoza. Tinachita mu 2017, mphekesera za anamapopa zitayenda kuchoka ku Mulanje ndi Phalombe mpaka muno mu Blantyre, anthu n'kuphedwa chifukwa anali achilendo pamalo.

Sindikuti tisamachenjezane za akuba. Akuba alipo, ndipo nane anandithyolerapo zenera. Koma tsopano chala chisanadine ndimadzifunsa zinthu zitatu. Munthu ali pachithunziyu dzina lake ndani? Amene akunenedwayu wafunsidwa? Ndipo akanakhala wa Prado osati wa chikwama kumsana, ndikanatumiza?

Pali chinthu chimodzi chimene amalume anandiuza usiku uja chimene ndachisunga mpaka pano. Titapinda tsamba lija anandifunsa kuti, "Kodi agogo ako dzina lawo anali ndani?"

Ndinaseka, n'kutchula dzina limene ndakhala ndikulidziwa moyo wanga wonse, limene lili pachiliza chawo, limene amayi amalemba pamafomu.

"Limenelo ndi la dona," anatero. "Linakakamira. Kuntchito, pamsonkho, kutchalitchi, mpaka ife ana tinazolowera."

Kenako ananditchulira dzina limene makolo awo anawapatsa kumudzi ku Chiradzulu. Ndinali ndisanalimvepo. Si lovuta n'komwe. Ndinalitchula kamodzi n'kulikhoza.

Chaka chamawa tikumanga chiliza cha agogo aakazi, ndipo ndinapempha kuti tikonzenso cha agogo aamuna. Amayi poyamba anakana. Anati anthu ankawadziwa ndi dzina la Chingerezilo, tikalichotsa alendo azidzasochera kumanda, komanso bambo awo analinyamula zaka zonsezo popanda manyazi, ifeyo ndife ndani kuti tiwachitire manyazi lero. Ndinaona kuti akunena zoona. Tagwirizana kuti tilembe onse awiri, la kumudzi pamwamba. Wolemba pamwala amalipiritsa pa chilembo chilichonse, ndipo zilembo zowonjezerazo ndalonjeza kulipira ndine.

Tsamba lija ndinalikulunga m'pulasitiki, lili m'bokosi lomwe lija, limene tsopano lili kunsi kwa bedi langa ku Namiwawa. Ngati kwanu kukadali agogo kapena amalume okumbukira za imejensi, musadikire tsiku logawa katundu. Pitani Lamlungu likubwerali ndi shuga ndi buledi, muike foni pansi, muwafunse maina.